Kaimbam'mwamba ndi Chingwe cha Mlamu Wake

Kuli kambalame kena kam'tchire komwe kakakhala pansi sikamveka, koma kakangonyamuka kamakwera kakuimba mpaka kuzimirira m'maso. Anthu opaka penti nyumba zosanjikizana anatola khalidwe la kambalameko n'kumuveka mnzawo wina dzina loti Kaimbam'mwamba. Linamukhaladi. Pansi munthuyu anali duu, ngakhale moni munkachita kumusolola pakamwa. Koma mukangomukhazika pa kathabwa kake n'kumulendewetsa kunja kwa khoma ndi ndowa ya penti, mluzu unkayamba.

Mluzuwo sunali wachisangalalo ayi. Wogwira chingwe padenga anali mlamu wake, mlongo wa mkazi wake, ndipo pomwe ankaima, kuseri kwa kakhoma kam'mphepete, sankamuona mnzakeyo. Ankangotchera khutu. Mluzu ukamalira mofatsa, tsitsa. Ukakwera, koka. Ukaduka, zinga chingwe pachitsulo, usafunse. Awiriwa anamera imvi pantchitoyi osagwetsapo ngakhale bulashi.

Kenaka kunabwera kapitawo watsopano, wa nsapato zosadziwa penti. Tsikulo ankapaka nyumba ya maofesi, ndipo mabwana am'katimo anadandaula kuti mluzu ukuwasokoneza pamsonkhano.

"Madala, pano si pakwaya," anatero kapitawo. "Ndikaumvanso mluzuwo, nonse awiri mukapumire kunyumba."

"Nanga ine ndizimva bwanji, bwana?" anafunsa mlamu uja.

"Manja mulibe? Chingwe chizikuuzani."

Kaimbam'mwamba anangotola ndowa yake. Anali ndi ana pasukulu. Anakhala pa kathabwa kake n'kutsetserekera kuseri kwa khoma.

Mlamuyo anagwidwa mantha. Moyo wake wonse kuti zii kunkatanthauza chinthu chimodzi, ndiye anazinga chingwe. Chinagwedezeka. Kodi akuti tsitsa? Anamasula pang'ono. Chinagwedezekanso, mwamphamvu tsopano, koma mphepo nayo inali itayamba. Anamasulanso.

"Alamu!" anakuwa. Mphepo inamubwezera mawu akewo.

Mwadzidzidzi chingwe chija chinapepuka m'manja. Anakoka, icho n'kumangobwera. Pansi pamsewu galimoto zinayamba kuima, mayi wina n'kukuwa. Kakhoma kosuzumirira kanali pomwepo, koma iye sanayerekeze kukayang'ana pansi.

M'thumba mwake foni inayamba kulira. Inali nthawi imene mlongo wake ankaimba masiku onse, kufunsa ngati awiriwo adya.