Mwezi Umene Eliness Anathira Yekha Mchere

Eliness ndamudziwa kuyambira tsiku limene anatsitsa katundu pa nyumba yogundana ndi yanga ku Chemusa kuno, ali mkwatibwi wa dzulodzulo. Khoma lathu ndi limodzi, mpopi ndi umodzi, ndiye sangatsokomole ine osamva. Ntchito yake ndi yoluka tsitsi pakhonde. Alibe saluni, alibe chikwangwani, koma azimayi amachokera ku Mbayani ndi ku Chirimba kudzakhala pa kampando kake, chifukwa dzanja lake ndi lofewa, amakuluka mpaka tulo kukuba. Amuna ake, a Laurenti, amawotcherera zitsulo ku Ndirande, munthu wa mawu ochepa. Anzake onse a Eliness anasintha mayina kalekale, uyu make Dan, uyo make Chiyamiko. Iye yekha ndi amene timamuitanabe dzina la pa ubatizo, pamene imvi zayamba kale kusuzumira m'mutu.

Chaka chatha kunabwera apongozi ake, mayi a Laurenti, kuchokera ku Nsanje. Anati adzaonetsa maso kuchipatala. Maso anachira, eni ake osabwerera. Mayi amenewa ndi achikale, ndipo atangofika anaika lamulo kukhitchini: mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, kuopa kudwalitsa a m'nyumba tsempho, matenda otupitsa miyendo aja. Ife a m'tauni tinazitaya zimenezo, koma Eliness ndi munthu waulemu. Ndiye mwezi ndi mwezi ankapita kukagwada pamkeka pawo n'kunena kuti, "Amayi, dzandithirireniko mchere." Mayiwo ankadzuka, kuthira, kubwerera pamkeka. Kutukwana ayi, sankatukwana. Ankangousa moyo, ndipo kuusa moyo kwakeko kunkamveka mpaka kwanga. Tangoganizani, abale, munthu kumakalengeza wekha mwezi uliwonse kuti zakanikanso.

Kenako anayankhula poyera. Kumudzi kuli mtsikana wa banja labwino, anatero, ndipo chaka chino chikatha m'nyumba muli zii, Laurenti akamutenge, mtundu usathe iwo akuona. A Laurenti sanavomere, komanso sanakane. Ineyo kusakanako ndi kumene kumandipsetsa mtima mpaka lero.

Apa ndi pamene awiriwo anagulitsa kapuloti kawo ku Machinjiri n'kupita kuchipatala china cholipira m'tauni, kwa dokotala wothandiza anthu ovutika kubereka. Eliness anabayidwa majakisoni okhwimitsa mazira, ndipo tsiku lina dokotala anatenga mbewu ya a Laurenti n'kuiika m'chiberekero ndi kapaipi kakang'ono. Anawauza kuti adikire masabata awiri, kenako adzayezetse magazi. Anamupatsanso mankhwala olimbitsa chiberekero, n'kumuchenjeza kuti asamunamize: amachedwetsa kumwezi, amatupitsa mawere, amabweretsa mseru, kaya mimba ilipo kaya palibe. Puloti ina yogulitsa analibe, mwayi unali umodzi womwewu. A Laurenti analamula kuti mayi awo asamve kanthu, chifukwa akanati mwana wodzera m'kabotolo si wa mtundu wawo. Wodziwa ndinali ine ndekha, ine wa kamwa losatsekali.

Mantha amene ndinaona masiku amenewo sindinawaonepo pa munthu wamoyo. Eliness anasiya kunyamula ndowa. Anasiya kukwera minibasi, kuopa mabampu. Akafuna kuyetsemula ankayamba wagwira pamimba. Kuchimbudzi ankapita pafupipafupi, osati kukadzithandiza, koma kukayang'ana ngati magazi abwera, ndipo ine ndinkasiya zochapa zanga kuti ndione nkhope yake potuluka. Ankafufuza zizindikiro za mimba pa foni, uku akuti zakuti, uko akuti ayi, mpaka ndinamulanda foniyo n'kuibisa m'chidebe cha ufa.

Chokhacho chimene chinkamukhazika pansi mtima chinali kugwira mutu wa munthu. Makasitomala akatha ankagogoda khoma, ine n'kupita kukakhala pa kampando. Kuluka, kumasula, kulukanso, tsitsi lomwelo. Dzanja lofewa lija linasanduka pulayala, mutu wanga unkachita kugunda. Ndikati ndidandaule, ndinkamumvera chisoni, ndiye ndinkangoluma mano. Mzere uliwonse ankautsagana ndi Tikuoneni Mariya wa pansipansi. Tsiku lina ndinamuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Anandiyankha kuti amene anapeka mwambiwo sanagulitse puloti, ndipo anandikoka tsitsi mpaka misozi.

Tsono nthawi yake ya kumwezi inakwana n'kudutsa, monga ananenera dokotala. Eliness, mutu uli kwina, anangopitiriza kuthira yekha mchere. Apongozi aja, amene amasunga masiku a mtengwa wawo kuposa mwini wake, anaona. Anaonanso bulauzi ikuthina pachifuwa, anamuona akulavula malovu kuseri kwa nyumba. M'mawa wina ndinawapeza akusesa pabwalo uku akuimba Chisena, anthu amene chibwerereni sindinaonepo mano awo. Anamuletsa Eliness kuima pachitseko kuti mwana asadzakanirire potuluka, mazira anamuletsanso, phala anayamba kumuphikira okha. Madzulo anaimba foni ku Nsanje, mofuula monga amachitira, kuuza abale kuti za mtsikana uja zithe, Mulungu wayankha.

Eliness anabwera kwanga n'kutseka chitseko.

"Kristina, andiitana kuti mwana wanga. Chikwatiwire sanandiitanepo choncho. Nanga akakhala mankhwala chabe?"

Ndinamuuza kuti awauze apongoziwo zoona lero lomwe, zisanafike patali. Eliness anapempha a Laurenti kuti awauze mayi awo, iwo anangoti tidikire zotsatira, n'kunyamula chikwama chawo cha zipangizo, ulendo ku Ndirande. Ndinati ndipite ndekha ndikawauze mayiwo, Eliness anandigwira chitenje n'kundigwadira kuti ndisamupasulire banja. Kuyambira pamenepo mantha ake anawirikiza. Poyamba ankaopa magazi okha, tsopano ankaopanso chikondi cha apongozi. Akamva mapazi awo akubwera ndi phala ankachita thukuta.

Tsiku loyezetsa ndinamuperekeza ndine, chifukwa a Laurenti anali ndi geti la kasitomala loti amalize. Geti, abale inu! Kwa apongozi tinanama kuti tikupita ku Limbe kukagula meshi yolukira tsitsi. Tikutuluka, anatiitana n'kutiuza kuti tisachedwe, aitana azimayi akuluakulu a kumphakati wa kutchalitchi kuti masana adzamulange Eliness za mimba yoyamba. Mwambo wake amadikira mimba ionekere, iwonso ankadziwa, koma anati adikira zaka zokwana. Eliness anangoti zikomo amayi, koma pofika pa siteji anali atanditsamira ngati wodwala malungo.

Kuchipatala anamutenga magazi n'kutikhazika pa benchi. Moyang'anizana nafe panakhala mtsikana wina wa mimba yaikulu, akudya chipisi, alibe nazo ntchito. Eliness anandigwira pamkono, zikhadabo kulowa m'mnofu, ndipo chitseko chilichonse chikatseguka ankadzidzimuka. Kawiri konse anati tizipita, ndi bwino asadziwe. Ine ndinamukalipira kuti akhale pansi. Nesi ataitana dzina lake ndinamudzutsa, ndipo tinalowa tonse.

Dokotala anatipatsa mipando, anavula magalasi, n'kuyamba ndi mawu akuti pepani. Zina zonse zinangotidutsa: kuti asiye mankhwala aja, kuti kumwezi kubwera pakapita masiku ochepa, kuti ena zimatheka ulendo wachiwiri. Eliness sanalire. Anathokoza dokotala mwaulemu, anakonza mpango wake, tinatuluka.

M'minibasi anaimbira a Laurenti, foni inangolira mpaka kuduka. Tisanafike pa siteji yathu anauza kondakitala kuti titsike, akufuna kuyenda pansi. Tinayenda pang'onopang'ono ngati operekeza maliro, kudutsa ogulitsa makala, kudutsa pa chigayo. Anandifunsa ngati angakabisale kwanga mpaka alendo atapita, kenako anakumbukira yekha kuti khomo langa ndi lake zikuyang'ana bwalo limodzi.

Titakhota pa kanjira kathu tinaona nsapato za azimayi zitandandana pakhonde pake, pomwe amalukira tsitsi. Nthenga za nkhuku zinali mbwee pa mpopi. Apongozi anali ataima pamsewu, chitenje chatsopano chili paphewa, dzanja lili pamphumi, akutiyang'anira. Eliness anaima.

"Kristina, ndiyambire pati?"

Nthawi yomweyo mayiwo anatizindikira. Anakweza chitenje m'mwamba n'kuimba nthungululu, azimayi aja anatuluka m'nyumba opanda nsapato n'kuilandira, ndipo onse anayamba kuthamangira kwa ife, akuomba m'manja.