Kamuyeso ka Onga ka Agogo a Nabanda

Ndikakumbukira agogo anga aakazi, a Nabanda, ndimamva fungo la onga, fungo lija la dzira lowola limene linkawakanirira m'zala ngakhale asambe chotani, ndipo limabwera pamodzi ndi kulira kwa chitsulo chikusinja m'mimba mwa mfuti, go, go, go, kuseri kwa chitseko cha bango, nkhuku zitangotsika kumene.

Tinali titangobwerera kwathu kufupi ndi Malowera kuchokera ku Zambia, kumene tinathawira nkhondo. Ine ndinali kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndinkakhala ndi agogowo. Pamudzi tinapeza thengo lokhalokha, koma agogo aamuna, a Phiri, asanadule ngakhale mtengo umodzi womangira nyumba, anathamangira patsinde pa mkuyu n'kuyamba kukumba. Anafukula gogodela yawo, mfuti yachikale yodzazira kukamwa, imene pothawa anaimata phula n'kuikulunga m'chikopa. Anaipukuta ndi malaya awo, kenako anaikumbatira.

"Taonani," anatero agogo aakazi. "Ine zaka zonsezi sindinakumbatiridwepo chonchi."

Pa zaka zimene kunalibe anthu, nguluwe zinaswana mpaka kuyesa dziko ndi lawo, moti chimanga chathu choyamba zinkachikolola zisanatifunse. A Phiri ankazipha, mudzi wonse n'kumadya nyama ukuwatama. Chimene mudzi sunkadziwa n'chakuti manja awo anayamba kunjenjemera tidakali kumsasa wa othawa nkhondo ku Zambia. Akatsamiritsa mfuti pamphanda, diso linali lomwe lija, koma kuthira onga m'kakamwa kakang'ono kaja kunkawakanika, wambiri unkathera pansi. Ndiye ankadzaza anali agogo aakazi. Kwathu chimenecho chinali choletsedwa kwambiri: ankati mkazi akakhudza mfuti ya mlenje imazizira, singaphenso kanthu. N'chifukwa chake chitseko chinkatsekedwa, ndipo ine ndinauzidwa kuti ndikangoyasamula kunja, nyama ndiiwale. Ndinkaikonda nyama, choncho ndinasunga pakamwa.

Muyeso wawo unali kamodzi mwa tizitsulo tachikasu totsala chipolopolo chikawombedwa, timene nthawi imeneyo tinali mbwee m'tchire monse. Anakadula pa msinkhu umene ankaudziwa okha. Ankadzaza onga, kusalaza pamwamba ndi chala, kuthira, kuika kasanza, kusinja, kenako chipolopolo cha mtovu, lilime atalitulutsa pang'ono ngati akulowetsa ulusi pasingano. "Mfuti ndi mlendo, Rozaliya," ankandiuza. "Ukaipatsa zochepa ikuchititsa manyazi, ukaikhutitsa ikusanzira."

Kenako kunabwera uthenga wochokera kuboma ku Fingoe woti mfuti zonse ziperekedwe. Sekeretaliyo, woimira boma m'mudzi mwathu, anakadandaula za nguluwe, ndipo anamulola kuti itsale imodzi yolondera minda. Koma gogodela zinalipo ziwiri: ya a Phiri ndi ya Zuze, bambo wachinyamata wochoka kuusilikali amene anatengera ya malemu atate ake. Anagwirizana zoti awiriwo apikisane. Chitini cha mafuta ophikira chimene wina anabwera nacho kumsasa chidzaikidwa pachulu, wochilasa mfuti yake itsala. Ndipo kuti pasakhale wothiramo mankhwala, aliyense adzadzaza yekha anthu akuona.

Mawu omalizawo ndi amene anavuta agogo aamuna. M'mawa wa tsiku la mpikisanolo phala analibweza. Ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe akuyeserera ndi mchenga, ndipo mchengawo unkathera kumapazi.

Mudzi wonse unakhamukira kudambo, amayi ndi makasu awo, ana pamitengo. Anayamba Zuze.

"Ine ndagwirapo zenizeni, madala," anatero akuyang'ana a Phiri. "Izi n'zoseweretsa."

Muyeso analibe. Anathira onga ndi dzanja, n'kuwonjezanso lina kuti tione. Itawomba, tonse tinagontha, agalu anabalalika, ndipo utsi utatha tinapeza Zuze ali chagada, miyendo m'mwamba, nkhope bii, nsidze palibe. Chitini chinali chikhalire. Anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba, ndipo mayi wina anafuula kuti, "Wakusanzira mlendo uja!" Ndinatembenuka modabwa, koma anali agogo anga omwe.

Kuseka kunatha a Phiri ataimirira. Anaimika mfuti, anatenga nyanga ya onga, dzanja linayamba kuvina, onga n'kumwazika. Anayesanso, chimodzimodzi. Ine mtima unandipweteka kwambiri, chifukwa ndinali ndisanaonepo agogo anga akuchita manyazi.

"Perekani basi, madala," anatero Zuze akusisita phewa. "Ine ndibwerezanso."

Pamenepo agogo aakazi anadzuka, anamanga chitenje m'chiuno, anamasula mfundo yakunsonga n'kutulutsa kamuyeso kaja. Anapita n'kugwira mfutiyo pakamwa.

"Ee! A Nabanda!" anakuwa akuluakulu. "Mwaiziziritsa! Yatha imeneyo!"

"A Sekeretaliyo," anatero agogo osatembenuka n'komwe, "mwendo wa nguluwe munanyamula sabata yatha uja, munaumva kuzizira? Zonse mwadya chibwerereni ndadzaza ndine."

Maso onse anapita kwa a Phiri. Akanatha kukana, kukalipira mkazi wawo n'kusunga ulemu wawo wa ulenje, mfuti n'kupita. Koma anakweza mutu.

"Akunena zoona," anatero. "Diso ndi langa, manja ndi a Nabanda. Ngati mukulanda, mulande kwa tonse awiri."

Sekeretaliyo anakanda m'mutu. Ndikukhulupirira kuti anakumbukira mwendo uja, komanso munda wake umene unali kumalire ndi thengo. "Pronto, chabwino," anatero. "Tione ngati yazizira."

Agogo anasalaza onga ndi chala, anathira, anasinja, go, go, go, lilime panja, pamaso pa mudzi wonse. A Phiri anazika mphanda yawo, anatsamiritsa mfuti, anapuma kamodzi. Chitini chinadumpha pachulu n'kukagwera kutali chitabooka pakati penipeni. Nthungululu za amayi tsiku limenelo zinamveka mpaka kutsidya, ndipo ine ndinavina mpaka kugwera m'matope. Zuze yemwe anabwera kudzapempha kuti aone kamuyesoko, koma agogo anangomuonetsera patali.

Kuyambira pamenepo chitseko cha bango sichinatsekedwenso. Agogo ankadzazira pakhonde, odutsa akupereka moni, ndipo amuna omwe anakuwa aja ankabwerabe ndi mbale nyama ikapezeka.

A Phiri atamwalira, anthu anapempha agogo kuti azidzazira Zuze, poti nguluwe zinali zisanathe. Anakana, ndipo mfutiyo inapita ku Fingoe. Nditawafunsa chifukwa chake, anamasula mfundo ya chitenje, n'kundiika kamuyesoko m'dzanja.

"Ine sindinkadzazira mfuti, mwana iwe," anatero. "Ndinkadzazira a Phiri."

Ndili nakobe mpaka lero. Ndimayezera soda wa therere, ndipo ana anga amandiseka kuti ndine mayi yekhayo wophika ndi chipolopolo. Chaka chatha maso a bambo awo anayamba kuchita mdima, ndipo poyamba ndinkawawerengera makalata awo titatseka chitseko kuti anthu asadziwe. Tsiku lina ndikuyeza soda, ndinakayang'ana kachitsuloko, ndinapukuta m'manja, n'kutulutsa mipando iwiri pakhonde.