Dzino la Mayankho m'Nyengo ya Mizimbe

Mayi Jemima Chigalu safuna kalendala kuti adziwe kuti chisanu chafika. Mwera ukayamba kukweza fumbi m'misewu ya ku Chilinde, njinga za mizimbe zikandanda pamsika, ana amene anawamata mano m'dzinja amabwerera mmodzimmodzi, dzanja lili patsaya.

Iwo ndi dokotala wa mano pa kachipatala kena kuseri kwa msika, chaka chino ndi chakhumi ndi chinayi. Anakulira ku Ntcheu, kwa Ganya. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi anawazula dzino lakumbuyo, akuluakulu akuti limeranso. Silinamere. Mano oyandikana nalo anapendekera m'mpatamo, ndipo mpaka lero amatafunira mbali imodzi.

Chomatira chimene ali nacho ndi ufa woyera wosakaniza ndi madontho a mankhwala, anthu amangoti simenti. Imagwira dzino bwino, sifuna magetsi. Koma imalira tsiku lathunthu kuti ikhwime, ndipo pabowo lalikulu sipirira kuluma kwamphamvu, imasweka ngati phale. Chomatira cholimbirapo chimafuna nyali youmitsira, nyaliyo inapsa chaka chatha.

Mwezi wa May kunabwera a Gilford, ogulitsa mizimbe pamsikapo, ndi mwana wawo wamkazi Mayankho, wa zaka zisanu ndi zitatu. Dzino lakumbuyo linali litabooka.

"Ingozulani, adokotala," anatero a Gilford. "Ana amagweluka mano. Limeranso."

"Ili si laubwana, bambo. Limamera kumbuyo mwakachetechete, popanda lina kugweluka. Likachoka lachoka."

Mayi Jemima anakokota zowola, namata, nakanikiza ndi chala mpaka simenti inakhazikika. "Lero phala ndi nthochi basi. Mzimbe aupumule. Akaulira muzimusendera ndi mpeni, atafunire mbali inayo."

A Gilford anavomera ndi mutu kangapo konse.

Kutacha anali pakhomo pa chipatala ndi mwana uja. Anafunyulula kapepala, munali kachidutswa koyera ngati njere ya mpunga.

"Ntchito yanu ija yachoka."

"Anadya chiyani?"

"Ndinam'patsa mpindi umodzi wokha wa mzimbe, woyesera. Kwathu ku Dedza khasu ukaliika mumpini umalitema pachitsa pomwepo, uone ngati lagwira."

"Dzino la mwana ndi khasu, bambo a Mayankho?"

"Nanga tikanadziwa bwanji kuti yalimba?"

Mayi Jemima anakapukuta sinki imene inali youma kale, kudikira kuti mtima utsike. Atabwerera anapeza kuti simenti inachoka ndi kambali ka dzino. Bowo linali litakula, makoma ake atapyapyala ngati chigoba cha dzira. Anamatanso, nasalaza pamwamba kuti dzino lakumtunda lisagunde pamenepo. Ulendo uno analankhula ndi mwini dzino.

"Iwe, simenti iyi ndi yodyera zofewa. Ukaluma mfundo ya mzimbe mphamvu yonse imathera pa kakhoma aka. Wamva?"

Mayankho anayang'ana zala zake zakumapazi. "Anzanga amaseka osendera mpeni. Amati ndi agogo opanda mano."

"Komanso, adokotala," anawonjeza a Gilford, "mwana wa wogulitsa mizimbe azisendera mpeni pamsika? Makasitomala aziti mizimbe yanga ndi youma."

"Ndiye azidyera kunyumba!"

"Chabwino, chabwino. Tamva."

June anadutsa. Tsiku lililonse popita kokwerera minibasi Mayi Jemima ankadzera dala pa mizimbe. Ankamupeza Mayankho atakhala pathumba, atavala juzi yofika m'mawondo, manja atabisa kumbuyo. Pansi pali makoko.

Kumapeto kwa July, mitengo itayoyola masamba, mwanayo anabwera tsaya litatupa. Mayi Jemima anaunika ndi tochi. Simenti inalipo ndithu, yoyera pakati, koma dzino lenilenilo linali litang'aluka pawiri kufika kumizu. Panalibenso chomata.

Anam'patsa mankhwala a masiku asanu kuti chotupa chiphwe. Tsiku lachisanu ndi chimodzi anabaya jakisoni, nazula. Linatuluka zidutswa ziwiri, mizu yake yaitali, yathanzi, yoti ikanatumikira zaka makumi asanu ndi limodzi.

"Mwaona," anatero a Gilford mosakwiya konse. "Paja ndinanena poyamba pomwe kuti muzule." Anatsamiritsa mizimbe iwiri yonenepa pakhoma. "Kangachepe, adokotala. Mwavutika nafe."

Mayi Jemima sanaiyang'ane. Ankapinda thonje loti mwana alume. Lilime la Mayankho linali litapeza kale mpata, likuuzungulira.

"Limera liti lina?" anafunsa mwanayo, mawu akutuluka mbali imodzi.

A Gilford anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma Mayi Jemima anawatsogolera. Anagwada kuti maso afanane, nayasamula, nam'lozera mpata wawo ndi mano ake opendekera.

"Ndakhala ndikulidikira zaka makumi atatu, mwanawe. Luma thonje."