Tsiku limene tinalowetsa amuna m'chikuta

Lachiwiri lapitali ndinaseketsa anthu. Ine mayi wa imvi, mphunzitsi wopuma, ndinaima m'chipinda chochiliramo amayi n'kumatsegula mpopi, kutseka, kutsegulanso. Anamwino anati, "Amayi, madziwo si oseweretsa." Ndinawauza kuti andileke, ndinawavutikira.

Ndinali nditapita kukaona Tiyanjane, mwana wa mng'ono wanga, amene wabereka mwana wamkazi pa kachipatala ka kwathu ku Kasenengwa. Mimba yake yoyamba inathera m'misozi pomwepo. Tsiku limenelo m'chipindamo munalibe madzi. Mayi ake anali ku mjigo ndi ndowa, namwino anali yekha, ndipo zitavuta panalibe womupatsira ngakhale nsalu. Khandalo tinakaliika amayi okhaokha, monga mwa mwambo, osalira mokweza.

Atayimanso, Tiyanjane anandiuza kuti, "Amayi aakulu, ine kuja sindibwererako. Bola ndichilire kunyumba." Apa mpamene mantha anandigwira zenizeni.

Mukuganiza kuti tinali tisanadandaule? Makalata tinalemba, ndipo wolemba ndinali ine ndemwe. Koma tinkalembamo chiyani? "Amayi akuvutika." Basi. Za m'chikuta sitinena pamaso pa amuna, tinalangizidwa choncho. Ndiye a komiti ya chipatala, amuna okhaokha, ankabwera, kuona khoma lopaka laimu, kuyamikira maluwa, akafika pakhomo la chipinda chija n'kutembenuka mwaulemu. Ife uku tikuwatama kuti ndi abambo oleredwa bwino. Kupusa kwathu kumeneko kumandipsetsa mtima mpaka lero.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pa msonkhano wotsatira wa komiti tinapitako amayi a mpingo, onse titamanga zitenje zolimba. Mayi Zulu, azamba akale amene saopa munthu, anagwira wapampando pa dzanja.

"Abambo, lero mulowa."

"Amayi, kodi mwambo ukulola?"

"Mwambo wake uti, wokwirira ana? Lowani."

Analowa, maso pansi. Anaona bedi, beseni louma, ndi ndowa pakona. Mayi Zulu anawapatsa ndowayo kuti akatunge ku mjigo, nati ife tikhala pano ngati mayi amene akutaya magazi. Abambo aja anapita ndi jekete lawo. Pobwera anali thukuta lokhalokha, nsapato zili matope, madzi atatayika theka. Anangofunsa namwino kuti, "Mumachita izi tsiku lililonse?"

Chimene makalata anga analephera, ndowa inachita. Mvula isanagwe thanki inali itakwera pamwamba, mapaipi atalowa m'chipinda. Ena m'mudzi anatinena kuti tavula mwambo pagulu. Anene, pakamwa mpawo. Ine ndinamutenga Tiyanjane ndi mimba yake kukamuonetsa mpopiwo, anasamba m'manja, ndipo anavomera kudzachilira pomwepo. Tsiku lobereka, mayi ake sanachoke pambali pake. Ndamunyamula mdzukulu wanga, ndi wolemera, ndipo amalira ngati walipidwa. Ndine wokondwa, sindibisa.

Mwambo ndimaulemekeza. Koma ulemu umene umabisa beseni louma kwa anthu ogamula zochita si ulemu, ndi manda.

Tsono inu amayi anzanga a ku Chipangali ndi kwina konse, abambo amene amagamula za chipatala cha kwanu analowamo kale m'chipinda chimene mumachiliramo? Ngati sanalowemo, mukudikira kuika mwana wa ndani?