Malo Amene Sindinawatchule pa Mapu a Malasha

Ndinaphunzira kulemba ndili ndi imvi kale, kusukulu ya kwacha, ndipo ntchito yoyamba imene zilembo zinandipezera inali yoperekeza akatswiri a miyala m'makwawa a kumadzulo kwa Chikwawa. Ankafufuza malasha. Ine ndinkadziwa pamene mwala wakuda umasuzumira m'gombe madzi akaphwa. Tikafika pamalo otero, mkulu wawo ankadina kachipangizo konga foni n'kundiwerengera manambala, ine n'kumalemba m'kope pang'onopang'ono, thukuta likudonthera papepala.

Manambalawo ankawalowetsa m'kompyuta. Tsiku lina anandionetsa mapu ake osanjikizana, ena a malasha, ena a mitsinje, ena a midzi ndi manda. Anati galimoto yoboola nthaka idzadutsa pokhapo pamene mapu akuonetsa kuti palibe kanthu, choncho ndiwalozere manda onse. Ndinawalozera anayi.

Achisanu sindinawatchule. Kwathu mwana wobadwa wakufa, nthayo, amaikidwa ndi amayi okha m'mphepete mwa khwawa, popanda mtumbira kapena mtanda. Mwamuna safikako, ngakhale kutchula satchula. Ine ndinkapadziwa chifukwa mkazi wanga ankacheukira kumeneko nthawi zonse tikamapita kumunda. Mwana wathu wachiwiri anagona pamenepo. Mkulu uja atafunsa ngati manda atha, ndinavomera ndi mutu. Pakompyuta malowo anaoneka opanda kanthu, ndipo msewu wa galimoto unadya mbali imodzi. Mkazi wanga sanandikalipire. Anangosintha njira ya kumunda, n'kumazungulira kutali mpaka tsiku limene anatisiya.

Chilimwe chathachi kunabwera ena, otsogozedwa ndi mayi wachitsikana, ali ndi mapu akale omwe aja m'kompyuta yawo. Ankafuna kuboola pafupi ndi khwawa lomwelo. Masiku atatu ndinakhala ndikuzungulira msasa wawo, kufika n'kubwerera, kunamizira kufuna mbuzi. Tsiku lachinayi mayiyo anandiitana n'kundipatsa mpando.

"Agogo, mbuzi zanuzo zimasochera pano pokha?" anatero akuseka.

Ndinamuuza zonse, maso ali pansi. Kuseka kunatha. Anati mawu okha kompyuta siimva, pafunika munthu akaime pamalopo ndi kachipangizo kaja. Ndinati ine sindingapondeko. Anafunsa amene angamuperekeze, ndiye ndinalunjika kwa mlamu wanga, mng'ono wa malemu mkazi wanga, amene chilambulireni msewu uja tinkangopatsana moni wapakamwa.

"Alamu, pakamwa patseguka lero?" mlamuyo anandifunsa m'Chisena nditamuuza chimene ndinadzera, akumanga chitenje. Yankho sanalidikire.

Anapita awiriwo, ine ndinatsala pamphambano, kukhala pansi n'kudzukanso, dzuwa likuswa mtengo. Anachedwa kwambiri, chifukwa mlamu anamuyendetsa m'malire monse, ngakhale mbali ija inadyedwa ndi msewu. Atabwerako mayiyo anandionetsa kachigawo kofiira pamapu, pamwamba penipeni pa mzere wa malasha. Anati dzenje lawo alisunthira kumtunda, koma za mgodi wa m'tsogolo sangalonjeze, ogamula ndi ena. Kenaka anandifunsa dzina loti alembepo. Anayankha ndi mlamu, kuti angolemba kuti malo a amayi, chifukwa ana ogona pamenepo analibe maina.