Kalaliki Wopanda Abale

Ndinanyamuka pa Lirangwe dzuwa likungotuluka, nditavala jekete ya alamu anga, setifiketi ya Sitandade 6 ili m'thumba. Anali masiku a Chitaganya. Mzungu wina wa famu ya fodya kufupi ndi Chileka ankafuna kalaliki, ndipo ntchitoyo ikandiphonya, chotsala chinali kulowera kumigodi ku Joni, kusiya mkazi wanga Esinati ali ndi pakati.

Cha m'ma seveni ndinakwera lole ya mmwenye yonyamula nandolo. Kukafika pa Lunzu, mtengo unali sikisi, makobiri asanu ndi limodzi. Pamatumbapo panali mayi wina ndi mbuzi yake, yomwe inayamba kubudula kolala ya jekete ija.

"Musaimenye achimwene," anatero mayiwo. "Imadya za anthu ophunzira okha."

Pa Lunzu ndinagula zitumbuwa ziwiri za kobiri n'kuuyamba wapansi. Ndinafika pafamupo dzuwa lili paliwombo, fumbi mpaka m'nsidze. Pabenchi ya ofuna ntchito tinalipo anayi. Woyandikana nane anali Jailosi wa kwa Kuntaja, munthu wachete, cholembera chili pakhutu.

Nditalowa, mzungu sanayang'ane n'komwe setifiketi. Ankayankhula Chingerezi chimene ndinkachimva bwinobwino, koma kapitao wake ankamasulirabe.

"Bwana akuti, uli ndi akazi angati?"

"Mmodzi."

"Ali ndi pakati?"

Ndinayang'ana pansi. Zimenezi ngakhale apongozi anga sankazitchula. Ndinavomera ndi mutu.

"Ndiwe mtundu wanji? Myao sitimufuna, amasowa Lachisanu."

"Mmang'anja, wa mpingo."

"Ndiye kuti umasowa Lamulungu. Nanga Chitaganya umachiona bwanji?"

"Sichinafike pa Lirangwe, bwana. Mwina chinatsikira pa Lunzu."

Kapitao anakhosomola, nauza mzungu kuti ndati n'chabwino.

"Bwana akuti, kwanu nkhalamba zilipo zingati?"

Ndinawerenga ndi zala. "Zisanu ndi imodzi."

Mzungu anagwira mutu, kapitao n'kupitiriza kumasulira. "Zimwalira liti? Safuna kalaliki wopempha tchuthi cha maliro nthawi yokolola."

"Sizinandiuze, bwana."

"Ungalonjeze kuti zidikira mpaka fodya atagulitsidwa?"

"Ndikazipempha. Koma a Nachisale, azakhali anga, samva za munthu."

Kenako anandiuza kuti ndiyasamule, aone mano. Kulemba sanandiyese, ngakhale kuphatikiza awiri ndi awiri.

Jailosi analowa pomaliza, ndipo zitseko za pafamupo zinali zopyapyala, moti ndinamva zonse. Mkazi? Alibe. Mpingo? Alibe. Abale? Onse anatha kalekale. Chitaganya? Ankayesa ndi dzina la feteleza. Anatuluka ndi kalata m'manja, ntchito ili yake.

Tinayendera limodzi mpaka pamphambano. Pamenepo anayang'ana uku ndi uku, n'kundipatsa kalata ija.

"Pepani achimwene, tandiwerengerani. Akuti ndiyambe liti?"

"Lolemba."

"Mayo! Lolemba kuli sadaka ya amalume, ndipo akazi anga onse awiri afulula kale thobwa."

Kobwerera ndinapeza lole yopanda katundu, koma mtengo unali sikisi yomweyo. Ndinafika pa Lirangwe madzulo. Esinati atamva zonse anaseka mpaka kugwira khoma, koma tonse tinadziwa kuti tsopano ndi ulendo wa ku Joni.

Ndinakagwira kumeneko zaka zinayi. Zimene ndinaphunzira tsiku lija sindinaziiwale: bwana akamafunsa za kuchipinda ndi za kumanda, amalemba ntchito wodziwa kunama, wodziwa kulemba n'kumubweza pakhomo.