Dzanja Pachigongono

Ntchito inandithera Lachisanu masana, kunyumba yosungiramo katundu ya ku Coolock kumene ndinakhala zaka zinayi ndikunyamula makatoni a matailosi. Inali nthawi ija chuma cha Ireland chinagwa chagada. Nyumba zimene zinkamangidwa zinaimira m'mawindo, ndiye matailosi akanagula ndani? Bwana wathu anatigwira chanza mmodzimmodzi, maso ali pansi, ine n'kukwera basi ziwiri kubwerera ku Tyrrelstown nditanyamula nsapato zogwirira ntchito m'jumbo. Kuyambira tsiku limenelo wotidyetsa pakhomo anali mkazi wanga, amene ankagwira ntchito yosamalira okalamba. Ine ndinasanduka wotsuka mbale ndi wosuzumira pawindo. Makalata ofunsira ntchito ndinalemba mpaka kuwaloweza, koma ngakhale wondiyankha kuti pepani sanapezeke.

Tinali ndi mwana mmodzi, wamwamuna, wa zaka khumi ndi zitatu. Tinabwera naye kuchokera ku Zomba ali ndi zaka zinayi. Chichewa ankamva chonse koma ankayankha m'Chingerezi, ndipo zimenezo ndinazilekerera. Chimene chinkandipsetsa mtima chinali kalandiridwe kake ka zinthu. Kwathu mwana akamalandira kanthu kwa wamkulu, kapena akamapereka, amatambasula dzanja lamanja, lamanzere litagwira pachigongono. Wangayo ankangotsomphola ndi dzanja limodzi ngati akuba magwafa a eni. Ndinalankhula mpaka kukhosi kunauma. Iye ankangoti, "Sorry, Dad," mawa n'kubwereza zomwezo.

Mwanayo ankasewera besibo. Ngakhale mu Dublin momwemo anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti masewerawa aliko. Ku Tyrrelstown anawayambitsa ndi bambo wina wachiairishi, mmisiri wa magetsi amene anakhalako ku America, ndipo anasonkhanitsa ana a m'dera lathu n'kupanga timu, iye n'kukhala kochi. Kaseweredwe kake ndi kotere: mmodzi amaponya kampira kolimba ngati mwala, wa timu inayo n'kuyesa kukamenya ndi chibonga. Woponyayo ndiye mwini gemu. Amaponya ndi mphamvu zake zonse, mkono ukupotokera kumbuyo ngati chovala chimene akuchifinya, ndipo amabwereza kambirimbiri. Mwana wanga anali woponya, ndipo mpira wake unkachita kulira ukamadutsa.

Kochiyo nayenso ntchito inamuthera, n'kupeza ina ku Australia. Makolo atakumana kuti asankhe womulowa m'malo, onse anatembenukira kwa ine. Sikuti ndinkadziwa kanthu, ine ndinakulira mpira wachikulunga. Ndinali bambo yekhayo amene anali ndi nthawi sabata yonse, ndipo aliyense ankadziwa chifukwa chake. Ndinavomera msanga mochititsa manyazi. Munthu ukatha miyezi isanu popanda wokuitana, ngakhale ana akamakuti kochi umamva kukoma.

Tsiku lotsanzikana kochi uja anandipatsa chikwama cha zibonga ndi mipira. Kenako anatulutsa m'thumba kachitsulo kokwana m'manja, kokhala ndi kabatani ndi manambala. Anati mwana akaponya kamodzi, ine ndizidina kamodzi. Manambala akafika 70, woponyayo atuluke, kaya tikuwina kaya tikuluza, ndipo apume masiku anayi osakhudza mpira. Anabwereza katatu ngati akulankhula ndi gonthi. Atatero anayang'ana mwana wanga ali chapatali, n'kunena kuti mkono umenewo, ukasamalidwa, ukhoza kudzamulowetsa koleji ku America mwaulere.

Za kusamalazo ndinazisiya pomwepo paudzu. Kunyumba ndinapita ndi America.

Mundimvetse, ndinalibe china chogwira. Ndinachoka kwathu ndikudzitama kuti mwana wanga akaphunzira mpaka mapepala atamukana okha. Tsopano ndinkaona ana a eni dziko, omaliza maphunziro apamwamba, akukwera ndege kuthawa kwawo. Ngati mbadwa zikuthawa, nanga mwana wa ine, lova wa ku Tyrrelstown, adzalowera kuti? Ndinkachita mantha enieni, aja omwe amakudzutsa pakati pa usiku. Khomo lokhalo limene ndinkaliona linali mkono umenewo.

Timu inali ndi oponya atatu. Pasanathe miyezi iwiri wina anabwerera ku Poland ndi makolo ake, wina banja lake linasamukira ku Canada. Anatsala wanga yekha. Ndinayesa ana ena, koma mipira yawo inkalowera kumwamba ngati akugenda mbalame.

Loweruka loyamba limene manambala anafika 70 tinali patsogolo pang'ono chabe. Ndinayang'ana kachitsulo kaja, ndinayang'ana ana amene anali pabenchi, kenako ndinakalowetsa m'thumba la jekete. Mwanayo anaponya mpaka gemu kutha, ndipo tinawina. Ndinadumpha, ndinakuwa, makolo achiairishi akundimenya pamsana. Popita kokwera basi ndinkadziuza kuti azungu amawonjeza. Ine pamsinkhu umenewo ndinkalima mizere kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa lili paliwombo, ndipo ndani anandiwerengerapo makasu? Mkono umalimba ndi ntchito. Ndinkakhulupirira zimenezo ndi mtima wonse, chifukwa zinkandikomera kuzikhulupirira.

Masiku anayi opuma aja nawonso ndinawadya. Kuseri kwa mdadada wathu kunali nyumba zosamaliza, udzu utamera m'zipinda. Mwana akangoweruka kusukulu ndinkamutengera kumeneko, ine n'kunjuta nditavala gulovu, iye n'kumaponya mpaka manja anga atachita dzanzi. Lolemba, Lachiwiri, sabata yonse. Ndinkati tikunola mpeni.

Ndi m'masiku amenewo m'mene ndinaona chinthu chimene chinandisangalatsa kuposa kuwina. Tsiku lina tikuweruka, mwanayo anabwera kudzandipatsa mpira. Anatambasula dzanja lamanja pang'onopang'ono, lamanzere litagwira pachigongono. Ndinachita kuima. Madzulo ake anandipatsa kapu ya tiyi chimodzimodzi. Ndinamugwira paphewa n'kunena kuti, "Eya, tsopano ndiwe mwana wanga. Umenewu ndiye ulemu." Loweruka lina tili mu shopu ya zakudya zakwathu ku Moore Street tinakumana ndi bambo wina wachikulire wa ku Malawi, ndipo mwanayo anawapatsa moni dzanja lili pachigongono. Bambowo anagwedeza mutu n'kunena kuti ana otere ku Ulaya kuno anatha. Ndinatuluka mu shopumo chifuwa chili patsogolo. Ntchito ndinalibe, koma mwana ndinali nditalera.

Amene sanasangalale anali mayi ake. Tsiku lina m'mawa, akumanga nsapato kuti azipita kuntchito, anandiitana.

"Abambo, mwanayu mwamuona? Akutsuka mano ndi left. Bag ya kusukulu akunyamulira kumanzere."

"Ndi kutopa chabe, mayi. Thupi likuzolowera."

"Ine ndimakhala ndi anthu obisa pain shift yonse, ndimawadziwa. Mwanayu mkono ukumupweteka."

Ndinapsa mtima, ndipo ndikuvomera kuti chinandipsetsa mtima n'choti ankanena zoona pa chinthu chokhacho chimene ndinkachiyesa changa. Ndinamuitana mwanayo pamaso pa mayi ake.

"Iwe, mkono ukukupweteka?"

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana mayi ake, kenako anati, "I'm grand, Dad."

"Mwamva? Akuti ali bwino."

Komabe madzulo ake ndinatenthetsa madzi n'kumuthowa ndi kansalu, monga mayi anga ankatichitira tikabinya. Pachigongono panali potupa ndi potentha kale. Iye analuma mano osatulutsa mawu, ine n'kumamuyamikira kuti ndi mwamuna.

Chakumapeto kwa chilimwe tinali ndi magemu awiri otsatizana, Loweruka ndi Lamlungu. Kholo lina linandinong'oneza kuti Lamlungulo kubwera munthu wosankha ana oti akalowe timu ya dziko. Sindinafunse kuti wamva kwa ndani. Loweruka mwanayo anaponya gemu yonse, kachitsulo kali m'thumba. Lamlungu m'mawa mayi ake anaima pakhomo atavala yunifolomu.

"Abambo, lero asaponye. Ndilonjezeni."

"Saponya," ndinatero. Pakamwa pokha ndi pamene panalonjeza.

Kunali kamvula kaja ka ku Dublin kosanyowetsa msanga koma kolowa m'mafupa. Ndinamuika mwanayo pakachulu pamene woponya amaima, maso anga ali kumpanda kufunafuna mlendo wovala jekete labwino. Poyamba anaponya bwino. Kenako mipira inayamba kugwera pansi isanafike, ina kupita kumbali. Akaponya ankagwedeza zala ngati wagwira mphika wotentha. Ndinapempha kuti gemu iime pang'ono, n'kupita pakachulupo. Mwanayo anangonditambasulira mpira, dzanja lamanzere lili pachigongono, maso ake ali pa ine. Ankandipatsa mpirawo kuti ndiutenge.

Ndinaulandira, n'kuubwezera m'dzanja lake, n'kumufumbatitsa ndi manja anga awiri.

"Limba mtima, mwana wanga. Atsala omenya atatu okha. Munthu uja akhoza kufika nthawi iliyonse."

Anagwedeza mutu. Ndinabwerera pabenchi. Anaponya kamodzi, kawiri. Kachitatu mpira unangopulumuka m'dzanja n'kugudubuzika paudzu, ndipo iye anakhala pansi mwakachetechete, atakumbatira mkono ngati khanda. Kulira kunabwera pambuyo, ndipo sindinamvepo mwana wanga akulira choncho. Ndinathamangira pakachulupo. Munthu wosankha ana uja sanabwere tsiku limenelo, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati analipo n'komwe.

Kholo lina linatitengera kuchipatala cha ana pagalimoto yake. Atamujambula, dokotala wake, mayi wamng'ono thupi wolankhula mofatsa, anandionetsa chithunzi cha mafupa. Anati chigongono cha mwana chimakhala ndi malo ofewa pamene fupa likukulabe, ndipo kuponya kosapuma kumawakoka mpaka kachidutswa kamathothoka. Ka mwana wanga kanali katathothoka. Anandifunsa kuti sabata imeneyo anaponya kangati. Kachitsulo kowerengera kanali m'thumba langa, ndinkakamva kuzizira kwake ndi zala, koma ndinali nditasiya kalekale kukadina.

"Izi siziyamba tsiku limodzi," anatero dokotalayo. "Simunamuone akugwira chonchi?"

Anatambasula dzanja lake lamanja, lamanzere n'kugwira pachigongono.

Mutu unaima. Mzungu uja anaima patsogolo panga ngati mwana wa ku Zomba wolandira mphatso, ndipo ndinaona kapu ya tiyi ija, moni wa ku Moore Street, ndi mpira umene ndinaubweza m'mawa womwewo. Miyezi iwiri yathunthu mwana wanga ankachirikiza fupa lothothoka pamaso panga, ine ndikuwomba m'manja. Ndinafuna nthaka ing'ambike ndilowemo.

Mayi ake anafika ndi yunifolomu yomwe ija. Sanakuwe. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Munandilonjeza," kenako anandidutsa kupita pabedi la mwana. Kukanakhala bwino akanandimenya.

Anamuchita opaleshoni n'kulumikiza fupalo ndi kamsomali. Timu inatha mwezi womwewo, popeza panalibenso woponya, ndipo chikwama cha zibonga ndinakachisiya kwa kholo lina osalowa n'komwe m'nyumba. Patapita masabata angapo, tsiku lina masana tili awiri kukhitchini, ndinamudulira buledi chifukwa mkono unali ukadali m'chikhakha. Ndinalimba mtima n'kumufunsa.

"Bwanji sunandiuze, mwana wanga?"

Anayamba wasewera ndi nyenyeswa patebulo. Kenako anayankha m'Chingerezi chake chija. Anati chindithereni ntchito ku Coolock ankandiona ndikuseka Loweruka lokha, ndipo sankafuna kundilanda tsiku limenelo. Anati tsiku loyamba limene anagwira pachigongono ankaganiza kuti ndiona n'kumufunsa. M'malo mwake ndinamuuza kuti tsopano ndi mwana wanga.

"So I kept doing it, Dad," anatero. Ndiye anangopitiriza.

Ndinalira pamaso pake, chinthu chimene bambo anga sanachitepo pamaso panga. Ndinapepesa m'Chichewa, ndinapepesa m'Chingerezi, koma fupa silimva chilankhulo chilichonse.

Lero ndi munthu wamkulu, ali pantchito, ndipo timacheza bwino. Ine ntchito ndinadzaipeza, chuma cha dziko chinadzuka, m'nyumba zosamaliza zija muli anthu. Mkono wokha ndi umene sunabwerere. Suwongoka wonse, mpira sanaponyenso, ndipo kukazizira umamuwawa, m'dziko limene kumazizira pafupifupi chaka chonse. Tikapita kumisonkhano ya Amalawi amazungulira kupereka moni kwa akuluakulu, ndipo pogwirana chanza amachirikiza chigongonocho ndi dzanja lamanzere kuti asamugwedeze kwambiri. Nthawi zonse pamapezeka wina wonditembenukira n'kunena kuti, "Achimwene, mwanayu munamulera bwino. Taonani ulemu wakewo."

Mwana wanga amandiyang'ana. Ine ndimayankha kuti zikomo.